Wopha Anamgumi Kumsana Kwanga

Anthu akandifunsa chimene ndinabwerera ku Australia, ndimawauza kuti anandichotsa ntchito. Sindizungulira ayi. Ena amayembekezera kuti ndinamizira kontirakiti kapena nyengo, monga achitira anzathu ena akatsika ndege ndi sutikesi imodzi. Ine anandichotsa chifukwa ndinabereka nkhalamba yachizungu kumsana, ndi chitenje changa, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera ndi kujambula. Wofuna kuseka aseke, koma ayambe wamva mmene zinakhalira.

Kwathu ndi ku Mitundu. Ndisanapite kunja ndinkasamalira odwala pachipatala china cha mishoni, ntchito yosambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza anthu ogonera mbali imodzi. Mwayi utapezeka, mwana wanga Tadala ndinamusiya m'manja mwa amayi, chifukwa bambo ake anali atapita kale kumene anapita. Tsiku lonyamuka amayi anandiperekeza mpaka pasiteji, akuyenda patsogolo panga mwachangu ngati okwera ndegeyo ndi iwo. Minibasi itafika anamasula chitenje chawo chapamwamba, chobiriwira cha maluwa achikasu, n'kundikankhira m'chikwama. Ndinawauza kuti kumeneko akazi amavala mathalauza. Iwo anati mathalauza sabereka mwana, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ku Perth ndinafikira ku Armadale, komwe nyumba n'zotsikirako mtengo, m'chipinda chakuseri kwa amake Taonga. Amenewa anali nesi wa ku Zambia, wobadwira ku Chipata koma wokulira ku Lusaka, munthu wa pakamwa posatseka koma wa mtima wabwino. Ntchito yanga inali ku Midland, kunyumba yosungirako okalamba. M'mawa uliwonse ndinkakwera sitima mpaka m'tauni, kutsika, kukweranso ina mpaka kumene njanji yathera. Kampani ya nyumbayo ndi imene inandisainira viza, ndiye kuti ndinali womangirira pa iwo ngati mbuzi pachikhomo. Akakumasula umapatsidwa kanthawi kochepa koti upeze ena okusainira, ukalephera ulongedze. Ndinkapirira chifukwa ndinkadziwa chimene ndikudikira. Ukakhalitsa nawo bwino amakuthandiza kupeza mapepala okhazikika, ndipo nditawapeza ndikanaitanitsa Tadala. Pofika nthawi ya nkhani ino mapepalawo anali atayandikira, moti Tadala anali atayamba kale kundifunsa pafoni za masukulu a kumeneko.

Pa shifiti tinali anthu a mayiko osiyanasiyana, a ku Philippines, a ku Nepal, a ku Kenya, aliyense ndi kabokosi kake ka chakudya ndi foni yodzaza ndi mavuto a kwawo. Nthawi yopuma tinkagawana ndiwo ndi kujeda mabwana. Mmodzi akalandira uthenga wa maliro, enafe tinkagawana okalamba ake kuti akalirire m'chipinda chochapira, poti kupita kwawo sakanatha. Malipiro akalowa sankagona m'thumba: fizi ya Tadala, mankhwala a amayi, simenti ya achimwene anga amene ankamanga nyumba imene ankati ndi ya banja lonse. Loweruka Amalawi tinkakumana kwa mmodzi wa ife, kuphika, kuimba, n'kumaseka ana a anzathu amene ukawafunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno. Sindinganene kuti ndinkavutika kuposa ena. Ndinkatopa, ndinkasowa kwathu, basi.

Lamulo loyamba limene anatiphunzitsa pantchito linali lakuti munthu sanyamulidwa ndi manja. Wokalamba akafuna kuchoka pabedi kupita pachikuku chake, mumabweretsa makina otchedwa hoyisiti, mumamukulunga m'kansalu ka malamba, mukanikiza batani, iye n'kukwera m'mwamba ali lendelende ngati thumba la chimanga pasikelo. Ngakhale atagwa pamaso pako sumudzutsa. Umaitana nesi n'kudikira makina. Makinawo sindikuwanyoza. Anapulumutsa misana ya anthu ambiri, wanga womwe, ndipo kuchipatala cha kwathu kuja ndinaona amayi anzanga akupindika asanakalambe. Lamulolo ndinalisunga zaka zonse popanda chondinenera.

Mwa okalamba anga munali a Stan. Kumeneko nkhalamba umaitchula dzina ngati mnzako wosewera naye fulaye, koma lilime langa linakana, ndinkati Bambo Stan, iwo n'kumati ndikuwakalambitsa. Anali aatali, ouma, miyendo itasiya kuwamvera. Dzanja lawo lamanja linalibe zala ziwiri. Anzanga ankawathawa chifukwa cha mkamwa. Akangoona hoyisiti ankayamba kutukwana kuchokera pa makinawo mpaka kwa amene anawagula. Tsiku lina atanditukwana ndinawabwezera m'Chichewa, mawu oti sindingawalembe pano. Anandiyang'ana, n'kufunsa tanthauzo lake. Nditawamasulira anaseka mpaka mano oikirira anagwera pabulangete, ndipo kuyambira pamenepo sankalola wina kuwasambitsa ine ndili pantchito.

Ndi posamba pamene ankandiuza za anamgumi. Ali mnyamata anathawa njala ya kwawo n'kutsatira mkulu wawo Billy kumpoto kwa dzikolo, kugombe lopanda msewu, komwe kunali malo ophera anamgumi. Iwo ankangoti ku Siteshoni. Maboti ankakasaka kunyanja n'kukokera nyamazo kumtunda, ndipo anyamata ngati a Stan ankakwera pamwamba pake atavala nsapato za misomali, n'kumasenda mafuta ndi zikwanje za mipini yaitali. Mafutawo ankawaphika m'matanki osazimitsa moto. Ankagona m'nyumba za malata, amuna okhaokha, mabedi osanjikiza, fungo litalowa mpaka m'buledi. Malipiro ankatumiza kwa mayi awo. Ine pomva zimenezi ndinkaona malemu bambo anga, amene anapita ku Joni kumigodi ine ndisanabadwe n'kubwerako ndi sutikesi yachitsulo ndi chifuwa chimene chinadzawapha. Nkhani zawo zinali zomwezo, kungosiyana kuti wina ankakumba pansi, wina ankasenda chinyama chachikulu kuposa nyumba.

Billy anafera komweko. Waya wa makina okokera namgumi unaduka n'kumumenya pachifuwa, ndipo waya womwewo ndi umene unatenga zala za a Stan. Iwo anawathamangitsira pa boti kuchipatala cha padoko lapafupi, ndipo pamene ankachira, anzawo anali ataika kale maliro. Anangowauza kuti Billy wagona kuseri kwa kaphiri ka mchenga, ndipo amuwotcherera mtanda wachitsulo. Munthu wa zala zitatu sanafunikenso ku Siteshoni. A Stan anabwerera kumwera, anaphunzira kuwotcherera zitsulo ku Welshpool, anakwatira, anakhala ndi mwana. Siteshoni inatsekedwa. Manda a mkulu wawo sanawaonepo ndi kamodzi komwe. Ankanena izi akuyang'ana kudenga, sopo ali m'makutu, ngati nkhani ya munthu wina.

Mwana wawo Helen, mayi wa imvi zake wovutika ndi chiuno, ndi amene anapeza sitima ya pamadzi. Sinali zikuluzikulu zija zokhala ngati tauni, koma yaing'ono, yotenga anthu ochepa n'kumakaima m'malo amene misewu sifika. Ulendo wake unkadutsa padoko lija ndi pa Siteshoni pomwe. Madokotala analola, kampani inalola, bola papite wowasamalira. A Stan anati akapanda kupita ndi ine sapita. Manijala wathu, mayi waulemu wake amene sanandilakwirepo, anandiitana n'kundikumbutsa kuti ngakhale pakati pa nyanja ndidzakhala ndili pantchito ya kampani, ndipo malamulo adzakhala omwewo. Ndinavomera ndi mtima wonse. Hoyisiti yaing'ono yopinda tinailongedza pamodzi ndi mankhwala.

Amake Taonga anandiseka mpaka tsiku lonyamuka.

"Iwe wa ku Mitundu, manzi uziba ni ya pa borehole chabe. Uzaluka mpaka matumbo."

Kuluka kwa iwo ndi kusanza, ndipo sananame. Tinakwerera ku Fremantle, ndipo masiku oyamba ndinkasambitsa a Stan ndi dzanja limodzi, lina litagwira beseni langa. Iwo, munthu woti kumtunda ankadandaula chilichonse, panyanja anachira. Ankadya, ankaimba nyimbo zosayenera, ankandiuza kuti ndiziyang'ana kutali kumene madzi akumana ndi mitambo kuti mutu uleke kuzungulira. Anzathu a m'sitimamo anali anthu opuma pantchito, a makamera aatali. Ine ankandimwetulira kwambiri, kumwetulira kuja kumene umapatsa munthu amene sukudziwa pomuika.

Namgumi ndinkangomumva kutchalitchi. Tsiku lina m'mawa madzi anatupa pafupi ndi sitima, panatuluka msana wakuda wautali kuposa basi, n'kupemerera madzi m'mwamba ndi phokoso la munthu wotopa amene watula katundu. Pambali pake panali mwana, akudzikhula kwa make. Anthu anathamangira makamera. A Stan anangovula chipewa n'kuchiika pamaondo.

Masana ake katswiri wa za nyama za m'nyanja wa m'sitimamo anakamba za mmene anamgumi anatsalira pang'ono kutha m'nyanja imeneyo, ndi mmene akubwererera chiletsereni kupha. Anaonetsa zithunzi zakale: madzi ofiira, amuna ataima pa nyama yong'ambidwa. Mayi wina wa ndolo zasiliva anafunsa mokweza kuti kodi anthu amenewo anali ndi mitima yotani. A Stan anakweza dzanja lija la zala zitatu.

"Mayi, mmodzi mwa anthu amenewo ndine. Ndinali mnyamata wanjala. Majarini amene mayi anu ankakupakirani pabuledi ankachokera m'manja muno, ndipo sindinamve kuti munakana."

Ndikuwakankha pobwerera anandiuza kuti ndi okondwa kuti anamgumi abwerera, kuti masiku ena amawalota, koma kuti sangapepese kwa anthu amene fungo lake sanalimvepo. Ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo, ndinene poyera.

Doko lija linali la msewu umodzi: sitolo, malo omwera, tchalitchi chotseka, ndi mlatho wamatabwa wolowa m'nyanja. Dothi lofiira, mphepo yosaleka, ntchentche zokonda m'maso. Panali kanyumba kosungiramo zakale, ndipo kumeneko chikuku chinafika bwinobwino. A Stan anapeza chikwanje chonga chawo chili m'galasi, pansi pake atalemba kuti osagwira. Anawerenga, n'kundiyang'ana. Koma Siteshoni yeniyeniyo inali kutsogolo, pagombe lina lopanda mlatho. Kumeneko sitima imaima patali, anthu n'kupita pa timaboti ta mphira, ndipo pofika umatsikira m'madzi a m'maondo n'kuyenda pamchenga.

Mkulu wa ulendowo, mtsikana wochangamuka wa wailesi pachifuwa, anabwera kudzatiuza mwaulemu kuti a Stan angakwere kaboti, poti amakatsitsira pamadzi ndi makina anthu atakhalamo kale, ndipo angakaone malowo ali pamadzi. Koma kutsika ayi. Chikuku chingatitimire mumchenga, hoyisiti singaime m'madzi, ndipo anyamata ake saloledwa kunyamula mlendo. Helen anati pogula matikiti anamuuza kuti adzaona mmene zidzakhalire akadzafika. Mtsikanayo anapepesa. A Stan anati palibe kanthu, kuona n'kuona basi.

M'mawa mwake tinafika pagombepo. Anzathu anatsika mmodzimmodzi n'kubalalika pakati pa matanki a dzimbiri ndi mafupa oyera otuluka mumchenga. Helen naye anatsika, atalonjeza kuti akajambula mandawo pafoni n'kudzawaonetsa. M'kabotimo tinatsala atatu: a Stan, ine, ndi woyendetsa. Kaphiri ka mchenga kaja kanali pomwepo, pafupi ngati kuchoka pakhomo kupita pachitsime. A Stan anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakonza chipewa n'kunena kuti chabwino, mchenga auona, tizibwerera.

Apa ndi pamene mtima wanga unawira. Kwathu munthu amene maliro anamupeza ali kutali, akabwera timamuperekeza kumanda kuti akaone pamene pagona m'bale wake. Asanatero, maliro kwa iye sanathe. Bambo anga atamwalira, amalume anafika patapita miyezi kuchokera ku Halale, ndipo asanamwe ndi madzi omwe anawatengera kukaona pamene panagona mlamu wawo. Tsono munthu uyu wadikira moyo wake wonse, wafika pakhomo pa manda, ndiye akaonere pafoni? Za viza ndinaganiza, musayese sindinaganize. Ndinaganiza za Tadala, ndinamva mawu a manijala. Zonsezo zinabwera, ndinaziona bwinobwino, komabe manja anga anali atayamba kale kumasula chitenje cha amayi chija, chimene ndinkamanga pamwamba pa thalauza la pulasitiki lolowera m'madzi.

Ndinatsikira m'madzi, ndinatembenuka, ndinanyonyomala msana utatsamira kaboti.

"Bambo Stan, mukufuna kukafika?"

"Akuchotsa ntchito, mwana iwe."

"Sindinafunse zimenezo. Mukufuna kukafika?"

Anangoika manja awo pamapewa panga.

Woyendetsa anayamba kulankhula pa wailesi. Ine ndinaponya chitenje kumbuyo, ndinachikokera pansi pa matako awo, ndinamanga mfundo ya pachifuwa ndi ya pamimba, monga ndinkaberekera Tadala, monga ndinkaberekera odwala kuchoka pangolo kulowa nawo m'chipatala kwathu kuja. Ndinadzuka. Anali olemera, mafupa a munthu wamtali, ndipo mapazi awo ndinkawakhwekhwereza m'madzi. Kumtunda mchenga unkandimeza mpaka mu akakolo. Mtsikana wa wailesi uja anathamanga kudzaima patsogolo panga, akuti chonde ndiwabwezere m'boti. Ndinamuuza kuti kutembenuka ndi katundu ngati ameneyu n'koopsa kuposa kupitirira, ndipo ngati akufuna kuthandiza atole chipewa chimene chagwa. Anatola chipewacho n'kumatitsatira.

Mpweya wa a Stan unkandiotcha m'khosi. Pokwera kaphiri kaja ndinagwada kamodzi, ndinadzukanso. Iwo anandinong'oneza kuti ndikawagwetsa andisumira, ine ndinati akapitiriza kulankhula ndiwasiya pomwepo atsale ndi matanki. Tinatsetsereka mbali inayo tikuseka ngati zitsiru.

Mtanda unalipo, utapendekeka, mchenga utaukwirira mpaka pakati. Helen anali ataima pambali pake, foni ili m'manja, kukamwa kuli yasa. Ndinagwada, ndinamasula mfundo, ndinawakhazika pansi. Anafukula mchenga ndi zala zitatu zija mpaka dzina linaoneka, lolembedwa ndi moto wa wowotcherera. Analisisita.

"Billy, ndine. Ndachedwa."

Analira kulira kwa mawu. Azungu anzawo anaima patali kuti awapatse mpata, monga mwa ulemu wa kwawo. Mwa ulemu wa kwathu munthu salira yekha, ndiye ndinakhala pansi pambali pawo nditatambasula miyendo, n'kumati pepani, pepani, m'Chichewa momwemo. Kenako Helen naye anakhala pansi, ndi chiuno chake chovuta chija.

Pobwerera ndinawaberekanso, ndipo ulendo uno palibe anandiimika. Powalowetsa m'kaboti mwendo wawo unakhula chingwe. Khungu la okalamba ndi lopyapyala, panang'ambika pang'ono. Nesi wa m'sitima anamanga, n'kulemba lipoti monga mwa ntchito yake. Wina mwa a makamera aja anali atandijambula ndikukwera kaphiri, ndipo anaika chithunzicho pa intaneti atalemba kuti mngelo wa ku Africa. Mngelo wa chiyani? Ine ndinali thukuta kamukamu, ndikutukwanizana ndi nkhalamba. Lipoti ndi chithunzi zinafika ku Midland ife tisanafike.

Manijala anandiitanira mu ofesi, muli bambo wina wochokera kulikulu la kampani. Manijalayo anati ndinaika moyo wa a Stan pachiswe, ndi wanga womwe. Ndikanagwa nawo, chiuno chikanathyoka kutali ndi chipatala. Pamenepo sindinatsutse, chifukwa zinali zoona. Kenako bamboyo anati ndinawachotsera ulemu powanyamula ngati khanda pagulu. Ndinamufunsa ngati anakwerapo hoyisiti wopanda zovala, anthu awiri akukambirana za wikendi m'munsi mwake. Helen anaimba mafoni, anabwera yekha kudzandiikira kumbuyo. A Stan anati ndi iwo anandipempha, koma madokotala anali atanena kale kuti amaiwalaiwala, ndiye mawu awo sanawerengedwe.

Manijala anayesetsa, ndisamunamizire. Anati nkhani ingathe ndi chenjezo lomaliza, bola ndinene pamaso pa bamboyo kuti ndinalakwa, ndipo zitachitikanso sindingatero. Anandipatsa nthawi yoti ndikaganize.

Amake Taonga anandikhazika pansi kukhitchini.

"Kamba chabe ati sorry, nkhani isile. Sorry siluma. Ganizira mwana, iwe. Tonse kuno timakamba sorry everyday, unaonapo wina afa?"

Anandikumbutsa kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo ananena zoona. Ine m'dziko limenelo ndinali nditapepesa kambirimbiri: kwa wondiponda m'sitima, kwa wondilavulira phala, kwa wondifunsa ngati kwathu kuli nyumba za njerwa. Kupepesa kumeneko sikunkandiluma. Koma uku kunali kwina. Ankafuna ndinene ndi pakamwa panga kuti zikanakhala bwino munthu uja akanabwerera ali m'boti.

Ndinabwerera mu ofesi muja. Ndinati lamulo ndinaliphwanya ndikulidziwa, ndipo chilango chake ndilandira. Ndinati za bala la pamwendo ndikupepesa. Bambo uja anafunsa kuti nanga zitachitikanso.

"Zitachitikanso ndingawaberekenso. Ndikati ayi ndikhala ndikukunamizani. Msanawu ndi wanga."

Ananditulutsa mwaulemu kwambiri, atandipatsa ndi tiyi yemwe.

Ndinayendayenda kufuna ena ondisainira. Amake Taonga anaimbira aliyense amene ankamudziwa, akundinyoza kuti ndine wamakani uku akundisitira bulauzi yopita nayo ku intavyu. Ntchito zinalipo, koma zosainira viza amayamba afunsa kumene wachoka, ndipo aliyense akaimba ku Midland ankamva nkhani ya mchenga. Nthawi inatha. Ndisananyamuke ndinapita kukatsanzikana ndi a Stan, nditavala baji ya mlendo. Ndinawapeza pawindo. Anandifunsa kuti msana uli bwanji, ndinati ulipo. Anati andiwonongera moyo. Ndinawauza kuti asadzitame, munthu wa zala zitatu sangawononge moyo wanga. Anaseka, kenako anagwira dzanja langa osalisiya mpaka nthawi ya chakudya. Anamwalira ine ndili kale kuno. Helen ndi amene anandiuza.

Kwathu ndinapeza chithunzi chija chitanditsogolera. Chinazungulira m'mafoni a abale, a kutchalitchi, mpaka a ogulitsa tomato pamsika. Achimwene anga, mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale, sanadikire kuti ndimasule sutikesi. Anati makolo athu ankanyamula azungu pamachira, anthu anavutika kuti zimenezo zithe, ndiye ine ndakwera ndege kukaziyambitsanso, mpaka kuchotsedwa nazo ntchito. Anati ndawachititsa manyazi pamaso pa ana asukulu. Ndinawauza kuti wa pamachira ankalamulidwa ndi chikoti, ine palibe anandituma, ndiponso kuti manja a munthuyo anali ngati a bambo athu. Anati mzungu ndi mzungu. Ndinati nkhalamba ndi nkhalamba. Sitinamvane, ndipo mpaka lero sitinamvane.

Amene anandipweteka ndi Tadala. Anabwera kuchokera kusukulu yogonera konko atakula, wamtali kundiposa, ndipo sanandikalipire. Anangondifunsa ngati pamene ndinkamasula chitenjecho ndinamukumbukira. Ndinati eya. Anati bola ndikanati ndinaiwala. Kwa iye ndinapepesa, ndipo ndimapepesabe, chifukwa chimene ndinataya chinali chake. Koma ngakhale kwa iye sindinanene kuti ndinalakwa.

Amayi ndinawapeza m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yatsopano ya achimwene. Pafoni onse ankangondiuza kuti ali bwino, kungoti miyendo. Anagwirizana zosandidetsa nkhawa. Miyendoyo inali itafa kalekale. Ankakhala pamphasa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuyang'ana khoma la mpanda. Achimwene anali atawagulira chikuku chabwino ndithu, koma chinkangofika pageti, chifukwa kuseri kwa msewu ndi mizere ndi tinjira ta m'minda. Kudimba kwawo, kumene anatilerera ndi mpiru ndi nzimbe, anali asanapondeko chifereni miyendoyo.

Amayi anandiuza kuti ndiwaonetse chithunzi chimene aliyense akunena. Ndinawapatsa foni mwamantha, chifukwa mawu a achimwene ndinawapirira, koma awo sindikanatha. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, anachiyandikizanso.

"Chitenje changa ichi."

"Eya, amayi."

"Mfundo yapansiyi unamanga molekerera. Ukanamugwetsa mwana wa eni."

Anandibwezera foni. Kenako anafunsa ngati chitenjecho ndinabwera nacho.

Ndinachitulutsa m'sutikesi, chitasuluka ndi mchere wa m'nyanja. Ndinanyonyomala patsogolo pawo. Achimwene anatulukira pakhonde, kapu ili m'manja, n'kunena kuti ndidikire abwereke ngolo, anthu ationa bwanji. Amayi anali atandigwira kale m'khosi. Anandiuza pomanga, ndinamanga, anati ndikokenso, ndinakoka.

Podzuka ndinadzandira, chifukwa ndinakonzekera kulemera kumene kunalibe. Amayi amene ankasenza thumba la mbatata kuchokera kudimba osatula anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Mzungu uja, wodwala, wamkulu kuposa iwo, anali wolemera kutalitali. Mkwiyo unandigwira: wa achimwene, wa mafoni onama aja, wa zaka zonse zimene ndinatha ndikukanikiza batani kutsidya la nyanja. Misozi inatsika, ndipo ndinalibe dzanja loipukutira.

"Achimwene, tatsegulani getilo."

Anatsegula. Kunja kunali amayi ochokera kumjigo, ana opita kusukulu, anyamata a kabaza, onse atatembenukira kwa ife. Ndinaweramitsa mutu n'kuyamba kuponya mapazi mofulumira kuti tidutse msanga. Amayi anandimenya paphewa.

"Ukuthamangira kuti? Yenda pang'onopang'ono. Ndikufuna andione."